Kamoto ka a Felton

Galimoto ya sikelo inkabwera kwathu Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo tinkayamba kuimva isanaoneke, ikubuula pa chitunda cha kuseri kwa dambo. Anthu ankaitcha Kanyumba. Inali galimoto yoyera yachikalekale imene wansembe wina wachizungu anasiyira parishi pobwerera kwawo, ndipo mkati mwake munalidi ngati m'nyumba: kabedi kopinda, kakabati, ndi firiji yaing'ono yoyendera gasi. Mufirijimo ndimo munkakhala katemera wa ana a midzi ya m'mapiri muno, kuyambira cha ku Nachisaka mpaka kumalire a Ntchisi. Woyendetsa wake anali a Felton Mwale.

Ndikulemba za iwowa chifukwa pali chinthu chimene tinkachidziwa awiri basi, iwo ndi ine, ndipo tsopano ndatsala nacho ndekha.

Anali munthu wamtali, woonda, wa imvi m'mbali mwa mutu. Ankavala ovololo yozirala, ndipo dzanja lawo lamanzere linali ndi chipsera kuyambira pa chala chachikulu mpaka m'chigongono. Akafika pa tchalitchi chathu chaudzu, pamene sikelo inkachitikira, sankatsegula chitseko chakumbuyo msanga. Ankayamba atulutsa botolo la Fanta lokhala ndi madzi osadzaza, n'kuligoneka pamwamba pa firiji. Madziwo akapendekera mbali imodzi, ankabwereranso pa chiwongolero, kusuntha galimoto pang'ono, kuika mwala pansi pa tayala, kukayang'ananso botolo. Nthawi zina katatu, nthawi zina kasanu. Madzi akagona bwinobwino ndi pamene ankatsegula silinda ya gasi, n'kugwada, n'kuyatsa kamoto kabuluu pansi pa firiji. Akatha apo ankatola kamtengo n'kulemba mzere pansi kuzungulira galimoto yonse. Munthu wosuta fodya sankaloledwa kudutsa mzerewo, kaya akhale mkulu wa mpingo.

Ife amayi tinkangokhala pamthunzi, ana akulira.

"A Felton, mwana wanga afika poyenda inu mukanali ndi botolo lanulo," ankatero mayi wina wolongolola.

Abambo ogulitsa nzimbe pamenepo nawo anali ndi zawo. Chaka cha referendamu chinali chisanaiwalike, paja a zipani zambiri chizindikiro chawo chinali nyali, ndipo kwathu kuno ambiri anavotera tambala. "Inu ndi a nyali eti, adalaivala? Tikumakuonanitu mukuyatsa mwezi ndi mwezi."

"Yangayi ndi yoziziritsa," ankayankha a Felton, osatembenuka.

Mawu awo ankathera pomwepo. Masiku amenewo aliyense anali ndi cholankhula, m'minibasi, pachigayo, ngakhale pamaliro, koma iwo palibe ankadziwa chimene ankaganiza. Nthawi yochoka ikakwana ankazimitsa kamoto kaja, kutseka silinda mwamphamvu, kununkhiza pamene paipi imalowera, ndiyeno kuliza galimoto. Sankayenda moto ukuyaka. Ndi lamulo limene anadziikira okha.

Za moyo wawo ndinazimva pang'onopang'ono kwa anesi a Susana, amene ankayenda nawo m'galimotomo. Kwawo kunali kufupi ndi Malomo. Ali mnyamata anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, ndipo atabwera anaphunzira kuyendetsa malole onyamula mabelo a fodya. Kenaka analembedwa ndi mzungu wina amene ankatenga alendo kukaona nyama ku Zambia, pa galimoto zokhala ngati Kanyumba yomweyi. Chipsera chija anachitenga kumeneko. Mnzawo anaima kuti athire petulo, firiji ikuyaka kumbuyo, galimoto n'kugwira moto, ndipo a Felton ndiwo anamukoka m'motomo. Mnzawoyo anakhala masiku awiri n'kumwalira. Akazi awo a Felton anamwalira chaka cha referendamu chomwecho, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Mchinji. Iwo ankagona m'kachipinda kuseri kwa galaja ya ku mishoni. Pa sikelo, anesi akamadya ndi amayi a komiti, a Felton ankakhala okha kuseri kwa galimoto, pafupi ndi kamoto kawo, akutafuna mtedza wa m'thumba.

Ine ndinkawaona kwambiri chifukwa nanenso ndinkakhala pandekha. Dzina langa ndine Esitere. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, ndipo kuno ndili pachitengwa, kwathu ndi kutali. Amuna anga a Alexio anapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu, amabwera kamodzi pachaka. Mwana wanga woyamba, Margareta, anamwalira ndi chikuku chaka cha chilala, kutatsala milungu itatu kuti abayidwe katemera wake. Anayamba ndi kachifuwa, maso kufiira, kenaka timatuza kuseri kwa makutu. Patatha masiku asanu ndi limodzi ndinabwerako kuchipatala ndi nsalu yokhayokha kumsana.

Mwana wanga wachiwiri, Lester, atabadwa mu Januwale 1995, ndinayamba kuwerenga miyezi pa khadi lake la kusikelo. Katemera wa chikuku amabaya mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi inayi. Okutobala atalowa, tinamva kuti tsidya la dambo ana awiri agona nacho. Ndinaleka kupita naye kuchitsime ndi kutchalitchi. M'mawa uliwonse ndinkamupinda makutu kuyang'ana kuseri kwake.

Lachinayi la sikelo ya mwezi umenewo galimoto inachedwa. Akuti msewu unadzaza ndi malole a msonkhano wa chipani, ndipo anaima padzuwa nthawi yaitali. Anafika cha m'ma 11, kutentha kuli phuliphuli. A Felton anagoneka botolo lawo, kuyatsa moto, kulemba mzere. Ana anayezedwa. Kenaka anesi anafunsa:

"A chikuku alipo angati lero?"

Ndinaimika dzanja. Ndinali ndekha.

"Mmodzi? Iyayi, amake Lester. Kabotolo kamodzi ndi ka ana khumi. Ndikakatsegula lero, kotsalako madzulo ano ndikataya, ndiye mabotolo ndili nawo awiri okha. Mubwere mwezi wamawa, anzake akhala atakwana."

"Mwezi wamawa ndi kutali, anesi."

"Nanga ine nditani? Kwa Mbonekera kumene tikupitaku kuli ana asanu ndi atatu akudikira. Kabotolo ndikatsegulira kumeneko."

"Ndiye nditengeni."

Anesi anandiyang'ana, n'kuyang'ana a Felton. Kumbuyo kwa Kanyumba sikunkakwera munthu, aliyense ankadziwa zimenezo. Koma anesi anali ndi vuto linanso. Anatsegula firiji pang'ono, kusuzumira kachipangizo koyezera kuzizira, n'kutseka msanga.

"Seveni. A Felton, firijiyi sinazizire. Kamlatho ka njira yachidule kanathyoka, yozungulira ndi maola awiri. Ikapitirira eyiti ndiye kuti tanyamula madzi. Lero tiyende ikuyaka."

"Sindiyenda ndi moto."

"Lero lokha."

"Msewu wa kwa Mbonekera mukuudziwa. Kakazima panjira, gasi sasiya kutuluka. Kachitsulo kotseka gasi moto ukazima kaja kanafa kalekale, ndinangokamanga ndi waya."

"Ndiye muwauze nokha mayiwa kuti mwana wawo akabayidwa madzi ofunda."

A Felton anatembenuka. Aka kanali koyamba kundiyang'ana kumaso. Anayang'ananso Lester, amene ankayamwa chala chake kumsana kwanga.

"Uja wa chipewa chofiira anali wanu, eti? Ndinkamuona pa sikelo pano."

Margareta anali ndi kachipewa kofiira koluka. Zaka zitatu zinali zitapita ndipo palibe m'mudzi muno anali atamutchulaponso. Ndinangogwedeza mutu.

Anasisita chipsera chawo ndi chala. Kenaka anati, "Kwerani kumbuyoku. Moto ukufuna maso, ndipo ine maso anga akhala pamsewu."

Anandionetsa pokhala, pansi pafupi ndi firiji, chifukwa pakabedi panali makatoni ndi sikelo. Anandilozera kagalasi kakang'ono m'munsi mwa firijiyo.

"Mukukaona kabuluuko? Maso anu asachoke pamenepo. Kakazima, menyani thabwa ili lili kumsana kwanuli, ine ndimva kutsogoloku. Musadikire, musayese kuyatsa."

Anatsegula kawindo kam'mwamba, n'kutseka chitseko. Tinanyamuka.

Ndinayala chitenje pansi n'kugoneka Lester pambali panga, dzanja langa lili pamimba pake. Kamoto kankavina galimoto ikagunda mwala, kutsamira uku, kutsamira uko, koma osazima. Mphindi zoyambazo ndinkangokayang'ana mpaka maso kuwawa. Titayamba kutsika kumapiri, fumbi linayamba kulowa. Silinkalowera pawindo. Pansi, pafupi ndi silinda, panali bowo lalikulu ngati chikhatho, lotchingidwa ndi kasefa kong'ambika, ndipo ndinkaona msewu ukuthamanga pansi pake. Fumbi lofiira linkafuka pamenepo kulunjika pankhope ya mwana.

Lester anatsokomola. Anatsokomolanso kachiwiri, kachifuwa kouma.

Amene sanaikepo mwana m'manda sangamvetse zimene kachifuwa kotero kamachita m'mimba mwa mayi. Ndinatulutsa thewera loyera m'chikwama, kulipinda, n'kulitsindira m'bowomo mpaka fumbi linaleka. Ndinadziona wanzeru. Kwathu fumbi likamalowa m'nyumba timatseka ndi nsanza, ndipo palibe anandiuza kuti bowo limenelo lili ndi ntchito.

Kenaka ndinamunyamula mutu pang'ono, kumupinda khutu lamanja, kuyang'ana. Panalibe kanthu. Lamanzere. Panali kadontho kofiira, ndipo ndinakapukuta ndi malovu, kukapukutanso, mpaka ndinatsimikiza kuti linali fumbi. Ndinamutsegula maso kuona ngati afiira. Ndinamukhudza pachipumi. Sindikudziwa kuti zimenezi zinanditengera nthawi yaitali bwanji, ndipo galimoto inagunda zigwembe zingati.

Pamene ndinkabweza maso pa kagalasi kaja, munali mdima.

Sindinamenye thabwa nthawi yomweyo. Izi sindinauzepo munthu. Ndinaganiza kuti mwina ndi kuwala kwa dzuwa kukundinyenga, ndipo ndinatchinga kagalasiko ndi dzanja kuti ndione bwino. Ndinaganizanso kuti tikaima, katemera afunda, ndipo tsiku lonseli lipita pachabe. Ndinati mwina tatsala pang'ono kufika. Ndili m'maganizo amenewo ndinamva fungo, ngati la kabichi wowola, likuchokera pansi. Mutu unayamba kulemera. Lester anali atasiya kutsokomola. Anali atangoti zii, maso ali theka, dzanja lake litagwa pachitenje.

Ndinamunyamula ndi dzanja limodzi, linalo ndikumenya thabwa mpaka chikhatho kuchita dzanzi.

Galimoto inaima pomwepo, injini inazima. Chitseko chinatseguka, ndipo a Felton sanafunse kanthu. Anandilanda mwana, kumupereka kwa anesi, n'kundikoka pamkono.

"Kumtunda uko. Osati kumunsi. Pitani kutali."

Iwo analowa, ndipo ndinamva silinda ikulira potsekedwa. Anatsegula zitseko zonse, mawindo onse. Tinali pa chitsetse, pakati pa minda ya fodya yongolimidwa kumene, popanda nyumba pafupi. Anesi anakhala pa mzere wa munda, kumuvula Lester malaya, kumupemerera ndi khadi lake lomwe. Ine ndinangoima, manja ali m'mutu. Mwanayo anabwezako pang'ono mkaka, n'kukwinya nkhope, kenaka analira. Kulira kwenikweni, kwaukali, miyendo akuponda m'mwamba.

"Ali bwino uyu," anatero anesi. "Mpatseni bere. Khalani pansi inu, mugwa."

Nthawi yomweyo kunatulukira bambo wina kuchokera kumunsi, akukankha njinga, chingambwe chili pakamwa, utsi uli tolotolo. Ankalunjika pagalimoto pomwe.

"Yafa, adalaivala? Tikankhe?"

Sindinkadziwa kuti a Felton amatha kuthamanga. Anamufikira munthuyo asanayandikire, kumusolola fodya pakamwa, kumuponda ndi nsapato mpaka kumukwirira m'dothi.

"Asa, fodya wanga ameneyo. Masiku ano ndi a ufulu, achimwene, munthu ndisasutenso pamsewu wa boma?"

"Kasutireni kwanu. Muli ndi ndowa panjingapo? Dimba lili pati pafupi?"

Bamboyo anayang'ana galimoto, kuyang'ana ife, n'kununkhiza m'mwamba. Sananenenso za ufulu. Analoza kumunsi kumene kunali nthochi.

A Felton anadikira kaye kuti mphepo ipite m'galimotomo, kenaka analowanso okha. Ndinkawaona pachitseko atagwada pafupi ndi silinda. Anakhala chogwada kanthawi. Ndinaona dzanja lachipsera lija likukoka chinthu pansi n'kuchilowetsa m'thumba la ovololo. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti ndachita chinthu.

"Zakhala bwanji kuti gasi adzaze chonchi?" anafunsa anesi. "Bowo lanu lija silikutulutsa?"

"Linatsekeka."

"Ndi chiyani?"

"Zam'msewu. Wolakwa ndine, ndinavomera kuyenda ndi moto."

Anesi anafuna kutsegula firiji kuti aone, koma a Felton anaika dzanja pachitseko chake. "Mukatsegula mutulutsa kuzizira kumene kwatsalako. Musiyeni." Anatenga ziguduli ziwiri zimene ankagonekapo akamakonza galimoto, kutsika nazo kudimba ndi bambo wa njinga uja, n'kubwera nazo zikuchucha madzi. Anakulunga firiji yonse, kumanga ndi chingwe, kusiya mawindo otsegula kuti mphepo izipita pa zigudulizo. Silinda sanaikhudzenso.

Ine ndi Lester tinakhala kutsogolo, titapanikizana ndi anesi. A Felton ankayendetsa mofulumira kuposa masiku onse, komabe pa chigwembe chilichonse ankachepetsa. Kawiri anaima pamtsinje kunyowetsanso ziguduli. Ine ndinkangoyang'ana thumba la ovololo yawo, pamene kansonga ka thewera kankasuzumira, ndipo ndinkawerenga mumtima: seveni, eyiti, naini. Sindinkadziwa kuti firiji yozima imafunda msanga bwanji.

Tinafika kwa Mbonekera dzuwa litapendeka. Amayi anali atatopa kudikira, ena atayamba kubwerera. Anesi sanadikire za botolo la Fanta. Anamasula chingwe, kutsegula firiji, kutulutsa kachipangizo kaja n'kukayang'ana pa kuwala. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Eyiti," anatero. "Ndendende. Amake Lester, bweretsani mwanayo ayambe ndiye."

Anamubaya. Analira pang'ono n'kubwerera kubere. Anesi analemba tsiku pa khadi, 12 Okutobala, ndipo ndinayang'ana manambalawo mpaka anasokonekera m'maso mwanga.

Nditazungulira kuseri kwa galimoto ndinapeza a Felton atagoneka kale botolo lawo, mwala uli pansi pa tayala, mzere atalemba, kamoto kakuyaka bwinobwino. Anali atakhala pa chitsa. Anatulutsa thewera lija, atalipinda bwino, lofiira ndi fumbi, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Bowo lija si la fumbi," anatero motsitsa mawu. "Gasi ndi wolemera. Akatayika amatsika pansi ngati madzi, ndiye amatulukira pamenepo. Sindinakuuzeni ine."

"Mwana amatsokomola, bambo."

"Ndinamumva."

Ndinafuna kuwauza zinazo, zoti kamoto katazima ndinadikira. Iwo anapisa m'thumba lina, kutapa mtedza, kundithira m'dzanja.

"Galimoto ibwerera njira ya ku mishoni. Inu mudzere kanjira ka paphiri apo, mukafika kusanade. Muzimuyang'ana, akatentha thupi usiku uno musaope, ndi jakisoniyo."

Ndinabwerera ndekha, Lester ali kumsana, ndikutafuna mtedzawo umodziumodzi. Apongozi anga atandifunsa kumene ndinachedwa, ndinati sikelo inali kwa Mbonekera.

Chikuku chinaoloka dambo mu Novembala. M'mudzi mwathu munagona ana ambiri, ndipo atatu anapita, mmodzi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene ankakwawa limodzi ndi Lester pabwalo. Ine m'mawa uliwonse ndinkapinda makutu aja, lamanja, lamanzere, mpaka mvula inagwa, mpaka chimanga chinamera. Sipanatuluke kanthu.

A Felton anabwerabe Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse. Sanayendenso ndi moto, ngakhale kutenthe bwanji. Ziguduli zonyowa zinakhala za masiku onse, ndipo pabowo paja anakhomapo sefa watsopano. Sitinakambepo za tsiku lija. Ndikamadutsa ndi mwana ankangomuyang'ana n'kugwedeza mutu kamodzi, ine n'kupinda maondo pang'ono, basi.

Chaka chotsatira, mvula itatha, kunabwera njinga yamoto, anesi atakwera kumbuyo ndi bokosi la katemera pamiyendo. Anati Kanyumba inafa injini ndipo zitsulo zake sizipezeka. A Felton anapatsidwa malata angapo n'kubwerera kwawo ku Malomo.

"Kuli ndani kumeneko?" ndinafunsa.

"Kaya. Mwina mlongo wawo, ngati ali moyo. Mwana uyu wakwera bwino sikelo, pitirizani phala lomwelo. Wotsatira."

Ku Malomo sindinapiteko, ndipo munthu wokwatiwa sangangonyamuka kukafuna mwamuna wa eni popanda chonena. A Alexio sadziwa za thewera. Lester tsopano ali ndi zaka ziwiri ndi theka, amathamangitsa nkhuku za apongozi. Akatsokomola ndimadzukabe. Mwezi wathawu anesi anati firiji ija anaichotsa m'galimoto, ili mu ofesi ya asisitere, amasungiramo madzi akumwa.